A Muhiwa ndi Thumba la Nandolo Wofumbwa

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikire m'manda a Muhiwa, koma pa Chiringa anthu akadakambabe za envulopu imene ndinabweza pamaliro awo. Ena amati ndinachita mwano, ena amati ndinachita bwino. Ine ndinangochita zimene eniake anandituma.

Kutatsala milungu iwiri kuti amwalire, anandiitanitsa kunyumba kwawo kuseri kwa msika. Ndinawapeza atakhala pampando panja, miyendo itatupa, mwana wawo Felesita akuwakakamiza phala limene sankalifuna. Anandipatsa kapepala kopindapinda.

"Mayi telala, inu simuopa nkhope ya munthu. Apa pali mayina anayi. Atatu anatsogola kale, sangavute. Wachinayiyo akabwera ndi chipepeso, mumubwezere. Ndalama yake isagule ngakhale msomali wa bokosi langa."

"Bambo, pamaliro sitibweza munthu," ndinatero.

"Ndanena munthu ngati? Munthuyo akhale, aimbe nyimbo, adye. Mubweze ndalama."

Dzina lachinayilo linali la a Chikopa. Tsiku la maliro anabweradi, n'kupereka envulopu kwa mkulu amene ankalemba zipepeso. Ndinadzuka pakati pa amayi, ndinaitenga, ndinakagwada pamaso pa a Chikopa monga mwa ulemu, n'kuwaikira m'manja. Anaiika m'thumba la malaya, n'kukhala mpaka mwambo wonse unatha.

Ndinakhala khonde limodzi ndi a Muhiwa zaka khumi ndi zinayi, pasitolo yakale ija ili moyang'ana msewu wa ku Nkhulambe. Ine ndi makina anga osokera mbali iyi, iwo ndi tebulo lawo mbali inayo. Paunyamata wawo anali kalaliki ku ofesi ya msonkho ku Blantyre, ndipo anapuma ntchito zipani zambiri zitangoyamba. Anabwerera kumudzi pa nthawi yabwino kwa munthu wa ntchito yawo. Aliyense amene wapeza kandalama ankatsegula golosale, kapena kuika chigayo, kapena kupachika sikelo pamtengo n'kumagula mbewu. Geni ikangoyamba kuoneka, kumbuyo kwake kunkabwera kalata ya msonkho, ya Chingerezi, m'envulopu yakhaki. Amuna aakuluakulu ankayenda nayo m'thumba mlungu wathunthu osaitsegula. Pamapeto pake onse ankathera pakhonde pathu.

Ntchito ya a Muhiwa inali kuwerenga makalatawo, kusanja malisiti, kulemba mabuku a ndalama ndi mafomu, kenako kukapereka ku ofesi. Ankafika m'mawa anthu asanatsegule masitolo, atavala jekete ndi tayi ngakhale mwezi wa Okutobala, taipilaita itamangidwa ndi mphira pakaliyala wa njinga. Masana ankadya chinangwa chophika ndi tiyi wopanda mkaka. Akakwiya ankalankhula Chilomwe, akafuna kudzitama ankalankhula Chingerezi, koma mtengo wa ntchito ankaunena m'Chichewa chomveka bwino, kawiri, kenako n'kumuuza munthuyo kuti aubwereze ndi pakamwa pake. Theka la ndalama ankalandiriratu ntchito isanayambe.

Ankakonda kudandaula kuti mmisiri womanga nyumba savutika kulandira malipiro chifukwa khoma limaoneka, wokonza njinga savutika chifukwa njinga imayenda, koma munthu wochotsera mnzake vuto ndiye ali pamavuto, chifukwa vuto likachoka sipatsala chooneka, ndipo mwinivutoyo amayamba kukayikira ngati linalipo n'komwe. Ankanenanso kuti munthu amakhala wowolowa manja kalata ikadali yotseka.

Sindingawanamizire kuti anali munthu wofatsa. Ankasunga mangawa monga ena amasungira mbewu, pouma, posafika chiswe. Panali bambo wina wopha mbuzi pamsika amene anatsala ndi K300 pa malipiro, n'kubweretsa mwendo wa mbuzi kuti nkhani ithe. A Muhiwa anaulandira mwendowo, anafunsa mtengo wake kwa opha mbuzi ena awiri, n'kupeza kuti ndi K150, kutanthauza kuti ngongole yatsala K150. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse bamboyo akamadutsa, ankamva moni wochokera pakhonde: "Mwadzuka bwanji, a Wani-fifite?" Ana anatola dzinalo, amayi a pamsika anatola, mpaka mkazi wake yemwe. Patapita zaka ziwiri analipira, koma dzinalo analowa nalo m'manda. Ngakhale ine, amene ndinkawasokera zigamba ndi kuwadikirira tebulo akachokapo, fomu yanga ankandilipiritsa monga wina aliyense. Nawonso sanandidyerepo tambala imodzi ya zigambazo.

Chinthu china chimene sankalola chinali bodza papepala. Mayi wina wa nyumba yogona alendo anawapempha kuti amulembere mabuku awiri, lina la iye mwini, lina loonetsa a msonkho. Anamubwezera theka lake la ndalama pompo, n'kumuuza kuti akafune wina. Koma zimene mayiyo anapemphazo sanauzepo munthu. Ine ndinazidziwa chifukwa makina anga anali ataima. Ankati zimene waona m'mapepala a munthu zili ngati zimene dokotala waona wodwala atavula.

A Chikopa anali wogula nandolo wamkulu kuposa onse kuno. Anali ndi lole, chigayo, ndi shedi ya malata imene nyengo yokolola inkadzaza mpaka kudenga. Anali aang'ono kwa a Muhiwa ndi zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo amayi awo onse awiri anachokera mudzi umodzi ku Nkhulambe. Chibale chimenechi a Chikopa sankachikumbukira kawirikawiri. Anachikumbukira tsiku limene anafika pakhonde thukuta lili kamukamu, envulopu yakhaki ili m'manja.

"Amalume, ndafa ine."

A Muhiwa anawerenga kalatayo mosapupuluma. A msonkho ankafuna K480,000, kuphatikiza chindapusa cha zaka zimene a Chikopa sanapereke kanthu, ndipo akapanda kulipira adzalanda lole.

"Malisiti muli nawo?"

"Alipo, amalume, onse alipo."

Anabwera nawo m'matumba atatu a feteleza. Ena anali atadyedwa ndi makoswe, ena atanyowa ndi dizilo, ena anali manambala chabe olembedwa pa zidutswa za makatoni. A Muhiwa anapisa dzanja m'thumba limodzi, anatulutsa mapepala odzaza dzanja, anawayang'ana, n'kupukusa mutu.

"Ntchito iyi ndi sate sauzande. Maulendo a ku Blantyre n'ngapadera. Ndabwereza: sate sauzande, maulendo padera. Nenani."

"Ngakhale fifite, amalume, bola lole yanga."

"Sindinati fifite. Nenani zimene ndanena."

"Sate sauzande, maulendo padera."

"Mayi telala, mwamva?"

Ndinati ndamva. Kenako a Chikopa anayamba kudandaula kuti ndalama zonse zili mu nandolo amene ali m'shedi, kuti theka lija adzapereka akangogulitsa ku Limbe, kuti mwana sangathawe amalume ake. A Muhiwa, amene sanayambepo ntchito ya munthu osalandira theka, anavomera. Pambuyo pake ankati pa zolakwa zonse za moyo wawo, ichi chokha ndicho sanadzikhululukire.

Anagwira ntchitoyo milungu isanu ndi umodzi. Ankayala malisiti pakhonde ponse, mpaka pansi pa makina anga, n'kuwapsinja ndi timiyala kuopa mphepo. Ena ankawawongola ndi simbi yanga. Anthu ena obwera ndi mafomu awo ankawauza kuti adikire, ndipo ena sanadikire. Ku Blantyre anapita katatu, pamatola, pamsewu wafumbi uja, ndalama yoyendera akutapa pa penshoni yawo. Ulendo wachitatu anabwera jekete itafiira ndi fumbi, koma akumwetulira, chinthu chosowa pankhope pawo. Anali ataonetsa a msonkho ndalama zonse zimene a Chikopa anawononga pa dizilo, pa aganyu, pa matayala. Msonkho unatsika kufika pa K90,000, yolipira pang'onopang'ono. Lole inapulumuka.

Kuyambira pamenepo a Chikopa anasowa. Lole yawo inkadutsa pamsewu, koma nkhope inkayang'ana kutsogolo. A Muhiwa anatayipa kalata yokumbutsa, anatumiza. Patatha mwezi anatumiza yachiwiri, kenako yachitatu. Yankho linabwera tsiku la msika, dzuwa lili pamutu, anthu atadzaza. Lole inaima kutsogolo kwa khonde, waganyu anatsitsa thumba n'kuliponya pafupi ndi tebulo. A Chikopa sanatsike. Analankhulira pawindo.

"Madala, malipiro anu ndi amenewo. Makalata anu aja andikwana."

A Muhiwa anamasula thumbalo. Munali nandolo wa chaka chatha, wofumbwa, anankafumbwe akuyenda pamwamba.

"A Chikopa, tinagwirizana sate sauzande."

"Sate sauzande ya chiyani? Mwanyamula chiyani inu? Cholembera? Waganyu wanga amasenza matumba tsiku lonse, salandira ngakhale handiredi. Ndafunsa ku Blantyre, kuli anyamata amachita zimenezi pakompyuta, faivi sauzande, tsiku limodzi basi."

"Bwanji simunapite kwa anyamatawo tsiku lija?"

Anthu anaseka, ndipo kusekako ndiko kunawapsetsa mtima a Chikopa. Anatulutsa mutu pawindo n'kukweza mawu kuti msika wonse umve.

"Mukuyesa sitidziwa? Kalata zija mumapangana ndi anzanu akale a ku ofesi. Iwo amalemba ndalama zambiri kuti tiope, inu n'kunamizira kutsitsa, kenako mumagawana. Anthu inu, tsegulani maso! Mbava yovala tayi iyi!"

A Muhiwa anatembenukira kwa ine. "Mayi telala, mtengo munaumva?"

"Ndinaumva, bambo. Anaubwereza okha."

"Telala ndiye mboni?" anatero a Chikopa. "Asoke madiresi." Lole inanyamuka.

A Muhiwa anamanga thumba lija bwinobwino, analikweza pa njinga, n'kupita nalo kunyumba. M'mawa mwake anafika nthawi yawo yomweyo, atavala tayi.

Ndalama ija inawapweteka, koma bodza lija ndilo linawavulaza. Anthu amene kwa zaka zambiri ankalipira mosadandaula anayamba kunenerera mtengo ngati akugula tomato. Ena anatenga mabuku awo osabweranso. Amene anali ndi ngongole anapeza chifukwa chosalipirira. Choopsa kwambiri chinachitika kutchalitchi, kumene a Muhiwa anali msungichuma zaka zisanu ndi ziwiri. Akuluampingo awiri anabwera kunyumba kwawo n'kuwauza mwaulemu kuti ayambe apumula kaye pa udindowo mpaka mphekesera zizizire. Anapereka buku ndi makiyi tsiku lomwelo, ndalama zili zokwanira mpaka tambala yomaliza. Lamulungu lotsatira anakakhala benchi yakumbuyo kwenikweni.

Anzawo ochepa amene anatsala anawalangiza zosiyanasiyana. Ena ankati akasume kukhoti. Iwo ankati alibe pepala losainirana, ali ndi mboni imodzi, pamene a Chikopa ali ndi ndalama zozengerezera mlandu mpaka munthu atakalamba. Ena ankati, "Inu mukudziwa zinsinsi zake zonse, kamuneneni kwa a msonkho." Apo ndiye ankakwiya n'kuyamba Chilomwe. Ankati akatero ndiye kuti bodza lija lasanduka zoona. Ine ndinayesa kuti agonja. Nditawafunsa tsiku lina, anangoti iwo sali pachangu.

Nandolo wa chaka chotsatira atayamba kuuma m'minda, a Muhiwa anagulitsa mbuzi zawo zinayi, n'kukwera matola. Anabwerako ndi sikelo yatsopano yopachika, yokhala ndi chidindo cha boma chosonyeza kuti ndi yoona. Anazika mitengo itatu pansi pa mtengo wa mango, tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi shedi ya a Chikopa. Pakatoni analembapo zilembo zikuluzikulu: KUYEZA KWAULERE. Anthu anaima n'kumawerenga kawirikawiri. Munthu amene sanawerengerepo mnzake kalata mwaulere!

Tsiku loyamba ndinasiya makina kukaonerera. Mayi wina wochokera ku Kaduya anafika akukankha njinga, thumba lili pakaliyala, mwana ali kumsana.

"Agogo, mukugula pa zingati?"

"Sindigula, mayi. Ndikungoyeza, kuti mudziwe zimene mwanyamula."

Anapachika thumbalo, anamuonetsa mayiyo pamene muvi waloza, n'kumulembera pakapepala: makilo makumi asanu. Mayiyo anawoloka msewu kupita kushedi. Sikelo ya a Chikopa inati makilo makumi anayi ndi atatu. Mayiyo anayang'ana kapepala, anayang'ana sikelo, n'kufunsa waganyu kuti makilo asanu ndi awiri agwera pati, popeza msewu wake ndi womwewu ndipo thumba silinabooke. Anatsitsa thumba lake n'kukagulitsa kwina. Pofika masana, pamtengo wa mango panali mzere wa njinga.

A Chikopa anatuluka m'shedi n'kuwoloka msewu atakwiya.

"Madala, mwayamba kuulula zinsinsi zanga?"

"Ndaulula chiyani? Funsani anthuwa ngati ndatchula dzina lanu. Ine ndikuyeza nandolo."

"Munaona m'mapepala anga aja! Munaona kuti makilo amene ndimagulitsa ku Limbe ndi ochuluka kuposa amene ndimagula kuno, ndiye mwabwera kudzandiwononga!"

A Muhiwa anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, n'kunena mofatsa kuti, "Zimenezo mwanena ndinu, a Chikopa. Ine sindinauzepo munthu." Kenako anaitana wotsatira pamzere.

Anakhala pansi pa mtengo umenewo nyengo zitatu za nandolo. M'mawa ankayeza, masana ankabwerera kutebulo kukalemba mafomu a anthu ochepa amene anawatsalira. Tsiku lina anapeza mitengo itatu ija itadulidwa, anazika ina. A Chikopa anakonza sikelo yawo, koma mbiri inali itafika kale ku Nkhulambe, ku Kaduya, mpaka kumalire. Alimi ankadutsa shediyo osatembenuka. Mavenda ena, amene masikelo awonso sanali oyera, anakakamizika kukonza, ndipo mkwiyo wawo sunapite kwa a Muhiwa koma kwa a Chikopa amene anaputa zonsezi. Nyengo yachiwiri ili mkati, a Chikopa anatuma mlamu wawo ndi K10,000 kuti nkhani ithe. A Muhiwa anaziwerenga ndalamazo pamaso pa mlamuyo, n'kumubwezera, amvekere mwina zasochera, chifukwa iwo alibe munthu amene ali naye ngongole ya teni sauzande.

Amayi a kumidzi anayamba kuwatenga ngati mpulumutsi. Ankawabweretsera makaka, kalongonda, nthochi. Ine ndinawauza tsiku lina kuti Mulungu awadalitsa chifukwa chothandiza amphawi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Musandiyeretse, mayi telala. Chikopa akanandilipira ndalama zanga, amayi awa bwenzi akuberedwabe mpaka lero, ine ndili phee patebulo langa."

Mawu amenewo sindinawakonde.

M'chaka chachinayi, envulopu ina yakhaki inafika kwa a Chikopa. Mnyamata wa kompyuta amene anayamba kuwalembera mabuku anali atalemba manambala a m'mutu mwake zaka zitatu zotsatizana, ndipo atamufuna anapeza ofesi yake yasanduka saluni. A msonkho ankafuna kuona mapepala onse kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi kalata ya mgwirizano wa K90,000 uja. Zonsezo zinali m'bokosi la chitsulo kunyumba kwa a Muhiwa, amene sankabweza mapepala a munthu asanamalize kulipira.

A Chikopa anabwera wapansi. Anali ataonda, kolala ya malaya itatha. Anaima pansi pa khonde chipewa chili m'manja.

"Amalume."

A Muhiwa anali akulemba fomu ya mayi wogulitsa zitenje. Sanadzutse mutu mpaka anaimaliza, anaiwerenganso, n'kulandira malipiro ake.

"Ndani akufuna amalume? Pano pali madala."

"Ndinalakwa, amalume. Ndabwera nazo ndalama zanu."

"Lero si tsiku la msika. Ngongole ija munaikana tsiku la msika. Mubwere tsiku la msika, dzuwa lili pamutu."

Anabweradi. Anthu anali atamva, ndipo pakhonde panadzaza mpaka ine ndinasowa poponda. A Chikopa anaika ndalama patebulo. A Muhiwa anaziwerenga mokweza, imodziimodzi: K30,000 ya ntchito, K2,400 ya maulendo. Pa nthawiyo kwacha inali itagwa moti ndalamazo sizikanagulanso mbuzi zinayi zija, ndipo wina pagulupo anakuwa kuti awonjezere chiwongoladzanja. A Muhiwa anakana, amvekere iwo si wakatapila. Analemba lisiti, analisaina, koma sanalipereke.

"Munauza anthu awa kuti ndine mbava. Auzeninso."

A Chikopa anatembenukira gululo. Mawu anatuluka otsika.

"Tsiku lija munali ndi mawu aakulu," anatero a Muhiwa.

"Ndinanama!" anakuwa a Chikopa. "A Muhiwa sanandibere. Sanapangane ndi munthu. Ndinanama chifukwa sindinkafuna kulipira."

Pamenepo Felesita anafika akukankha njinga ya bambo ake. Pakaliyala panali mapepala omangidwa bwino m'mitolo, ndi thumba lija. Linali litakhala pakona ya chipinda chawo zaka zinayi, ndipo munalibenso nandolo koma ufa wakuda wonunkha.

"Mapepala anu ndi awa, palibe lasowa. Katundu wanu winayo ndi uyu. Munandisungitsa."

A Chikopa anayang'ana uku ndi uku kufuna waganyu, koma panalibe amene anasuntha. Anawerama, anasenza thumbalo paphewa, ufa uja ukuwathira m'khosi. Asanachoke anatulutsa envulopu yatsopano ija m'thumba la malaya.

"Tsopano kalata iyi, amalume. Mundithandize. Mtengo nenani nokha, theka ndipereka lero."

"Ntchito yanu sindigwiranso, a Chikopa. Pitani kwa anyamata a kompyuta."

Kunena zoona, tsiku limenelo ine ndinasangalala. Ndinali ndisanaiwale mawu aja akuti ndisoke madiresi, ndipo nditawaona akuwoloka msewu atawerama ndi thumbalo, mtima wanga unazizira ngati ndamwa madzi a mumtsuko. Koma nkhani sinathere pamenepo. Panalibe munthu wina kuno amene akanatha kumasula chisokonezo cha mnyamata uja. Patatha masiku ochepa kunabwera akazi awo a Chikopa, mayi wofatsa amene sanalakwirepo munthu. A Muhiwa anawapatsa mpando, anawamvetsera mpaka anamaliza, ngakhale pamene anatchula za ana awiri amene anali kusekondale yogonera konko. Kenako anawaperekeza mpaka pamsewu, n'kuwauza kuti yankho ndi lomwe lija. Lole inalandidwa. Chigayo a Chikopa anagulitsa okha kuti amalize ngongole. Ana aja anabwerera kunyumba chaka chisanathe.

Ndinawauza a Muhiwa kuti, "Bambo, apa ndiye mwapitirira. Munthu uja analipira, anapepesa pagulu. Ana aja analakwanji?"

Anakhala milungu iwiri osandipatsa moni. Atayambanso kundilankhula, anayambira pomwepo ngati tangosiya dzulo. Anati ndalama Chikopa analipiradi, lisiti anapatsidwa. Koma zaka zinayi zimene anthu ankabisa zikwama iwo akamadutsa, zimene ankakhala benchi yakumbuyo ngati wochotsedwa mumpingo, zimenezo Chikopa alibe chozilipirira, ndipo iwo alibe lisiti lake. Akuluampingo atabwera kudzawapempha kuti atengenso udindo uja, anawaphikitsira tiyi, n'kukana. Anakhalabe benchi yakumbuyo mpaka miyendo inawakanika kufika kutchalitchi.

Makasitomala ambiri anabwerera, ndipo palibe amene ananenereranso mtengo. Sikelo ija anaipereka kwa amayi a bungwe la alimi ku Nkhulambe nyengo yotsatira. Analibe nayonso ntchito. Mpaka lero sindidziwa ngati ndiwatche munthu wolungama kapena wouma mtima. Ndikawaganizira ndimapeza kuti zonse ziwirizo zinali chinthu chimodzi mwa iwo, ndipo sindikudziwa kuti akanachotsa chinacho chikanatsala n'chiyani.

Mbali yawo ya khonde ilipobe yopanda kanthu. Felesita anatenga tebulo, koma pasimenti panatsala timaenje tinayi pamene miyendo yake inadya pansi, ndipo pakhoma pali banga lakuda pamene ankatsamiritsa mutu akatopa. Mnyamata wina wogulitsa mayunitsi anafuna kuikapo kabenchi kake; anakhalapo masiku atatu n'kusamuka, akuti anthu ankangomuyang'ana osagula. Nthawi zina kumabwera munthu wochokera kutali ndi envulopu m'manja, amaima, amayang'ana pakonapo, n'kubwerera osafunsa.

A Chikopa masiku ano amagula nkhuku m'midzi n'kumagulitsa pamsika. Amadutsa pano m'mawa uliwonse pa njinga, dengu lili kumbuyo. Njira yachidule yopita kumsika ndi yodzera pakhonde pathu penipeni, ndipo aliyense amadzera pomwepo. Iwo akafika pakona ya sitolo amatsika njinga, amawolokera tsidya lina la msewu, amaikankha atayang'ana pansi mpaka atapitirira khonde lonse, kenako n'kukweranso. Pamalo pa a Muhiwa palibenso munthu, koma patha chaka tsopano akuchitabe zimenezi. Ine ndimaimitsa makina, n'kuwayang'ana mpaka atadutsa.